Zenera Lisakwere pa Linzake

4 Malichi

Mwana wanga,

Amene anandilakwira ndi mng'ono wanga Chipewa, yemweyo ukudya naye pa tebulo limodzi kumeneko. Ndayamba ndi iyeyo chifukwa masiku ano ndikayamba ndi moni, ndimathera pa moni pomwepo. Tsopano moni. Muli bwanji kunjako, iwe, mkazi wako ndi kamdzukulu kanga kamene ndimangokadziwira pa chithunzi? Kuno tilipo. Chifuwa chokha ndiye chikulira ngati macheka obuntha.

Iwe sungakumbuke bwino, unali wamng'ono. Mayi ako atamwalira, Chipewa anabwera ku shedi kwanga atavala chipewa chake chija sankavula ndi m'nyumba momwe. Anati, "Achimwene, mwanayu akungotola misomali pansi apa. Ndibwerekeni chaka chimodzi akaone sukulu yeniyeni, Disembala ndimubweza." Ine ndinali ndi felemu la zenera m'manja, sindinaliike n'komwe pansi. Ndinati chabwino, chaka chimodzi. Disembala ameneyo mpaka lero sanafike. Ndikalemba kalata, yankho linali lakuti mwana ali ndi mayeso. Kenako ndinangomva kuti wawoloka nawe malire. Mayeso ake ndi otani osatha mpaka mwana kumera ndevu?

Kompyuta ija unatumiza ndi dalaivala wa lole inafika bwino. Zikomo. Ukudziwa kuti makutu anga anathera ku makina ocheka matabwa. Pa foni ndimamva ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Ine ndimamva ndi maso, poyang'ana milomo. N'chifukwa chake mlongo wako atandiuza kuti m'chinthuchi ndizikuona ukulankhula, ndinakameta tsitsi.

Koma chinthu chako n'chaulesi. Ukachiyatsa ukhoza kukasamba, pobwera n'kuchipeza chikadayasamula. Tsiku lija unaimba, nkhope yako inauma pakamwa pali yasa, ndipo inakhala choncho mpaka mlongo wako anati zatha, adula. Timabokosi tinkangotumphuka, kena pamwamba pa kanzake, kena n'kudzakuphimba diso. Pa zonse unanena sindinatolepo ndi liwu limodzi lomwe. Chimene ndinaona bwinobwino ndi chipewa chitakolekedwa pa khoma kumbuyo kwako.

Usanditumizire china chilichonse, sindinapemphe. Ungondiuza chochita kuti chinthuchi chizindionetsa pakamwa pako pakuyenda.

Ndine bambo ako.

&nbsp;

29 Malichi

Okondedwa Bambo Aakulu,

Ndakondwa kuona dzanja lanu. Tonse tili bwino. Mdzukulu wanu waguluka dzino lakutsogolo ndipo akukana kuseka pa chithunzi. Chifuwacho musachinyalanyaze, achemwali akuperekezeni kuchipatala. Kalata yanu yachedwa chifukwa dalaivala anaiiwala m'thumba la jekete.

Za kalekalezo tisazikumbe. Ndikuona kuti kompyutayo ndi imene yakukwiyitsani, ndiye tiyeni tikonze imeneyo. Siyofa ayi. Ndi yakale chabe, ndipo yasenza katundu woposa msinkhu wake. Zowalawala ndi zoulukauluka zonse mukuzionazo zimadya mphamvu, moti nkhope yanga ikamafika mphamvu zimakhala zitatha.

Kabokosi kalikonse kamene kamatseguka pa sikirini timakatcha zenera. Musaseke, ndi dzina lake ndithu. Ndipo pali kapulogalamu kamene ntchito yake ndi imodzi yokha: kuika mazenerawo m'malo mwake. Tingokatcha woyala mazenera. Amene alipo panopayo ndi wolemera, amabwera ndi zokongoletsa zambirimbiri. Ndisanatumize ndinaikamo ena awiri opepuka, ndinangoiwala kunena. Pamalo paja mumalemba mawu achinsinsi, pakona pali kachithunzi konga gudumu. Mukadina pamenepo muona mayina awo.

Woyamba amasiya mazenera aziyandama ngati mapepala pa tebulo. Mumawakoka ndi mausi n'kuwaika pomwe mwafuna. Wachiwiri amawayala yekha ngati matailosi, lililonse pamalo pake, koma samva mausi kwenikweni, amafuna mabatani. Komanso amaopsa: mukalowa mupeza sikirini yakuda bii ngati yazima. Inu poti mukuyamba kumene, tengani woyambayo. Wachiwiriyo ndi wa anthu ozolowera, angokutopetsani. Mabatani ake ndawalemba kuseri kwa pepalali kuti achemwali asunge, mwina mungalowemo mwangozi n'kusowa potulukira.

Zikakanika zonsezi ndikugulirani ina yatsopano, musadandaule.

Tidzaimba Lamlungu loyamba la Meyi, masana. Bambo akupereka moni. Nawonso miyendo ikuwavuta, sakutulukanso pakhomo.

Ndine mwana wanu.

&nbsp;

18 Epulo

Mwana wanga,

Moni nonse. Kamdzukulu kauzeni kaziseka, dzino limamera. Kalata yako ndaiwerenga kuyambira pa mzere wachiwiri. Woyambawo ndaulumpha.

Yatsopanoyo usagule. Chinthu chikakalamba sataya, amachichotsera katundu. Pamenepo wanena zoona, ngakhale sukudziwa kuti wanena zoona zingati.

Kagudumu ndinakapeza. Ndinayamba ndi woyamba uja unandisankhira. Kupepuka ndi wopepukadi, chinthuchi chinadzuka ndisanamalize kupukuta magalasi a m'maso. Koma ntchito yake sindinaikonde. Ndinatsegula zenera limodzi, bwinobwino. Nditatsegula lachiwiri, linangobwera n'kudzakhala pamwamba pa loyambalo, ngati loyambalo kulibe. Ndinati ayi. Khalidwe limeneli ndikulidziwa, ndinabadwa nalo mimba imodzi.

Moyo wanga wonse ndakhoma mazenera, a m'masukulu, a m'masitolo, a m'nyumba za anthu amene sanandiitanenso ndi pa khonde pomwe. Sindinaonepo zenera lokwera pa linzake. Zenera limakhala m'bowo mwake, ngodya zake zoyezedwa ndi sikweya, linzake pambali. Ndiye ndinatembenuza pepala lako n'kulowa mwa wachiwiri, wa anthu ozolowera uja.

Mdima wake ndinaupeza. Mlongo wako anali pa makina ake osokera, anangoti, "Bambo, mwaipha!" Ndinati khala chete, khoma lisanaboole limaoneka chonchi. Ndinasakasaka batani lokhala ndi chithunzi cha kazenera, ndinalipeza m'munsi kumanzere. Ndinaligwira ndi chala chachikulu, n'kudina lalikulu lija la kumanja monga unalembera. Zenera linatseguka, sikirini yonse. Ndinadinanso. Loyamba lija linasendera lokha, n'kugawana malo ndi latsopanolo pakati penipeni. Ndinakatenga tepi kuyeza. Mwana wanga, n'zofanana ndendende. Amene anapanga chimenechi anagwirapo sikweya.

Mlongo wako anandiseka kuti ndikuyeza kompyuta ndi tepi. Ndinamufunsa kuti iye diresi amaliyeza ndi chiyani, malovu?

Sikuti zonse zayenda. Tsiku lina ndinatsegula mazenera ochuluka mpaka anaonda ngati timatabwa ta kudenga, ndipo kutseka kwake ndinali nditaiwala. Ndinangozimitsa chinthu chonse n'kukakhala panja. Zala zanga n'zokhuthala, zimadina awiri pofuna limodzi. Koma tsopano ndadziwa atatu: lotsegulira, lotsekera, ndi la F lija limachititsa zenera limodzi kudzaza ponse, ena onse n'kubisala. Limenelo ndalimata kachidutswa ka selotepi kuti chala chizilipeza chokha. Ndikulisungira Lamlungu lako.

Chondivuta ndi timalemba ta pamwamba pa mazenera ndi ta m'munsi, tonena dzina la zenera ndi nthawi. N'tating'ono ngati nyerere zakufa. Pa pepala lako walemba kuti pali fayilo ya malamulo yomwe munthu amasinthamo zinthu, ndipo kukula kwa malemba ndi nambala chabe. Ndiyesa ndekha.

Kompyutayi ndaiika pa benchi yanga yakale, pansi pa zenera la shedi. Sindigwiranso ntchito, koma utuchi m'ming'alu ukadalimo. Pa zenera limenelo ndi pamene unkakhala iwe, miyendo ili lendelende, kachitini ka misomali pa ntchafu. Yokhota unkaiika padera n'kumati ikudwala. Anzanga a pa shedi ankakutcha Kamsomali. Kaya kumeneko alipo anakuuzapo dzina limeneli.

Moni wa Chipewa ndamuona. Miyendo yomwe inakuthawitsa ija yatopa tsopano?

Ndine bambo ako.

&nbsp;

12 Meyi

Mchimwene wanga,

Moni kwa iwe ndi alamu. Ine kulemba makalata si mbali yanga, koma dalaivala akunyamuka mawa ndipo bambo akana kulemba, ndiye ndati ndilembe ndine. Pa foni sindingathe kunena izi, amakhala pompo kundiyang'ana pakamwa.

Uthenga wako ndinauona, woti netiweki inakudulani Lamlungu lija. Sinali netiweki. Anatseka okha.

Ndikuuze mmene zinayendera. Kuyambira m'mawa anali atavala kale jekete ija amapitira kuchipatala. Benchi anaipukuta, galasi la zenera anapukuta, ngati iwe ulowera pamenepo. Ine ndinati, "Bambo, mukudikira mkwatibwi?" Anati, "Iwe soka zigamba zako." Utaimba sanalole kuti ndikhudze. Anayankha okha, n'kudina batani lawo la selotepi, nkhope yako n'kudzaza sikirini yonse. Sinaume ngakhale pang'ono. Mchimwene, ukanawaona! Anasendera pafupi mpaka mpweya wawo kuchita nthunzi pa sikirini. Unati, "Mukundiona?" Iwo anayankha asanandifunse kuti wati chiyani. Chiyambire vuto la makutuli sindinaonepo akuyankha munthu msanga choncho. Mwana atabwera kudzaonetsa mpata wa dzino loguluka lija, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Kenako unacheuka kulankhula ndi a Chipewa, n'kutembenuza kompyuta kuti nawonso aoneke. Pamenepo ndi pamene zinaonongeka. Sindikudziwa ngati chinawalasa ndi nkhope ya a Chipewa itadzaza ponse, kapena china chimene anawerenga pakamwa pako uli mkati mocheuka. Anangogwira chivindikiro n'kutseka pang'onopang'ono, ngati akutseka bokosi la zipangizo. Anavula jekete n'kukagona dzuwa likadali pamutu. Ndikawafunsa amangoti, "Ndamva bwino kwambiri. Makina a mchimwene wako ndi abwino."

Kuchipatala tinapita. Adokotala akuti utuchi wa zaka zonse zija unakhazikika m'mapapo, mankhwala ake ndi ongochepetsa kubanika. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti amene ali kutali aziuzidwa. Ndiye ndakuuza. Bambo anaona milomo ya adokotala kudzera pa galasi la chitseko, moti pobwerera anandiuza okha zonse ndisanatsegule pakamwa.

Nkhani ina ndi ya malemba. Anaitsegula fayilo ya malamulo ija, anapeza mzere wake, anafufuta 8 n'kulemba 20. Malemba anakula, anakondwa. Tsiku lotsatira anabwereranso m'fayilomo, sindikudziwa anakachitamo chiyani, malemba n'kubwerera kukhala nyerere. Panopa amangokhala pa benchi kuyang'ana mzere umenewo. Sakufuna ndiwathandize, sakufunanso kukufunsa. Ndaukopera ali kubafa, ndi uwu: pali mawu achingerezi aja unalemba iwe, kenako 20, kenako mawu akuti aakulu. Ndiuze cholakwika, mwina akapeza chochita adzayambanso kudya.

Ndipo iwe, ukamalemba uziganiza. Sindinena zambiri, ndiwe wophunzira ndiwe.

Mlongo wako.

&nbsp;

30 Meyi

Okondedwa Bambo Aakulu,

Achemwali andilembera za kuchipatala. Ndakhala ndi kalatayo m'thumba, ndikungoitulutsa n'kuibwezamo. Ndapempha tchuthi kuntchito, akuti mwina Ogasiti. Ndikulimbana nawo kuti chifulumire.

Musawakalipire achemwali, andionetsanso mzere wanu uja. Choyamba ndinene kuti mwandidabwitsa. Anzanga a kuntchito ambiri woyala mazenera ameneyo amamuopa, inu mwamuweta ndi tepi ndi selotepi. Cholakwika n'chaching'ono. Pambuyo pa 20 munawonjezera mawu akuti aakulu, ndikhulupirira pofuna kudzikumbutsa kuti nambalayo ndi ya malemba aakulu. Koma makina amayembekeza kuti mzerewo uthere pa nambala. Akapeza mawu ena pambuyo pake amasokonezeka, nambalayo saionanso, n'kubwerera ku timalemba tawo tating'ono. Mawu amenewo m'malo mokulitsa akuchepetsa. Afufuteni, mzere uthere pomwe uyenera kuthera, musunge, kenako mudine mabatani atatu odzutsira woyala mazenera aja ndinalemba kuseri kwa pepala. Muona.

Za Lamlungu lija, ngati ndinalakwa kukuonetsani Bambo, pepani. Ndimaganiza kuti pa ukalamba wanu nonse awiri mungakonde kuonana.

Dzina lija la Kamsomali palibe anandiuzapo. Koma nditaliwerenga ndinamva fungo la matabwa ongopala kumene, ndipo ndinakumbuka kachitini kofiira kopanda chivindikiro. Kanali kofiira, eti? Kapena ndangopeka?

Ndidzaimbanso Lamlungu lachiwiri la Juni. Chonde mudzayankhe.

Ndine mwana wanu.

&nbsp;

5 Juni

Kamsomali,

Kanali kofiira. Kakadalipo, ndimasungiramo mapini a mlongo wako akagwa pansi.

Moni kwa onse. Kalata ino ndaipereka kwa dalaivala wina, wa basi, kuti ikupeze Lamlungu lisanafike. Ndamuuza kuti akaiiwala m'jekete ndidzamutsata ngakhale nditafa.

Ndachita monga unanenera. Ndinatsegula fayilo, ndinapita kumapeto kwa mzere, ndinafufuta chilembo chimodzichimodzi kuchokera kumbuyo mpaka mawu aja anatha. Ndinasunga, ndinadina atatu aja. Malemba anakula pompo. Panopa nthawi ndikuiwerenga ndili pakhomo la shedi. Ndinakhala pa benchi nthawi yaitali ndikuyang'ana, mpaka mlongo wako anabwera kudzaona ngati ndikupuma.

Ndiwe mphunzitsi wabwino. Unalemba kuti mzere uthere pomwe uyenera kuthera. Unalemba kuti mawu amenewo m'malo mokulitsa akuchepetsa. Ndawerenga pamenepo kambirimbiri. Kenako ndinakweza maso kuyang'ana pamwamba pa kalata yako yomweyo, mzere woyamba uja ndimaulumpha.

Lamlungu lija sindinatseke chifukwa cha nkhope ya Chipewa. Nkhope yake yakalamba, yafanana ndi yanga, ndinachita kudabwa. Ndinatseka chifukwa cha zimene ndinaona pakamwa pako. Makina anali atapepuka, milomo yako inkayenda bwinobwino, panalibe chondibisira. Unacheukira kwa iye n'kunena kuti, "Bambo, bwerani mulankhule ndi Bambo Aakulu." Pa pepala ndinkatha kulumpha. Pakamwa pa mwana wanga, pamene ndinadzazitsa ndekha sikirini yonse ndi chala changa, ndikanalumphira kuti?

Ndikudziwa udzati ndi ulemu. Amene anakuphunzitsa anakuuza kuti ndi ulemu. Koma bambo aakulu ndi mkulu wake wa bambo ako. Ndi munthu wapambali, wopatsidwa moni pa mzere womaliza. Ana a Chipewa, akanakhala nawo, ndi amene akanandiitana choncho, ndipo ndikanavomera ndi mtima wonse. Iwe ayi. Ine ndinakunyamula usanadziwe kukhala pansi. Chipewa sanangotenga mwana, anabweranso kudzakhala pamwamba panga, ine n'kutsala kuseri ngati zenera loyamba lija, ndilipo koma sindioneka. Ndipo anachita zimenezi ndi mawu amodzi okha, omveka ngati akundikweza.

Sindikuti umutaye. Anakudyetsa, anakuphunzitsa, miyendo yake yatha, umusamale. Uzimuitana mmene unazolowera, pakamwa ndi pako. Pa sikirini yanga ndaona kuti awiri akhoza kukhala pambali ndi pambali, wina osaphimba mnzake. Mawu ake opepesa sindikuwafunanso, ndinawadikira mpaka ndinaiwala kuti ndikanawaika pati. Za Ogasiti, ukabwera ndidzakondwa, koma ndinaona zimene adokotala ananena, ndipo ine ma Disembala a anthu ndinasiya kuwawerengera.

Changa n'chimodzi, ndipo ndikuchifuna ndisanatseke maso. Lamlungu ukaimba ndidzayankha. Ndidzadina batani langa la selotepi. Chipewa akhale pomwepo ngati akufuna, aone nawo. Iwe usacheuke. Uyang'ane kuno, ulankhule pang'onopang'ono poti ndimamva ndi maso. Mawu ake ndi aafupi, milomo imakumana kawiri basi. Ikakumana kachiwiriko, umalize, utseke pakamwa. Usawonjezerepo kanthu.

Ndine bambo ako.